Ludzu la Kakowa

Madzi alibe chibale, anthu inu, ndipo thabwa nalo limamva ludzu. Mukakayika kafunseni a Changu.

M'shedi ya padoko munkagona Kakowa, sitima yamatabwa imene agogo awo a Changu anakhoma ndi manja awo. Inali ndi magudumu awiri m'mbali opalasira madzi, ndipo nkhuni inkadya ngati ng'anjo. M'masiku ake inanyamula mchere, makalata, akwati, ngakhale maliro. Koma inali itakhala pamtunda zaka khumi ndi ziwiri, mpaka woyendera zapadoko anagamula kuti ikapanda kuwoloka mtsinje mwezi usanathe, iphwasulidwe.

A Changu anavula malaya. Anakonza injini, napaka penti yoyera mbee! Tsiku lomwe utsi unatuluka pachumuni anavina ngati mwana.

"Loweruka tikuwoloka!"

Mlamu wawo, kalipentala, analasa mpeni pakati pa matabwa. Unalowa mpaka m'chigwiriro.

"Alamu, matabwawa auma, atayana. Iikeni sitimayi m'madzi osaya sabata imodzi kuti amwe, afufume, mipatayi itsekeke."

"Sabata? Loweruka kuli msika, anthu onse adzaone! Penti yatseka kale. Inu alamu mantha, mumaopa ndi beseni lomwe."

Loweruka padoko panalibe poponda. Wezulo inalira, magudumu anayamba phwa! phwa! phwa! Nkhalamba zinkakuwa dzina la Kakowa misozi ili mbwembwembwe. Woyendera uja anakhala kutsogolo, nsapato zili waliwali. A Changu pachiwongolero, chimwemwe chodzaza tsaya.

Asanafike ndi pakati pomwe, wosonkheza moto anatulukira atanyowa mpaka m'mawondo.

"Bwana, pansipa pali mtsinje winanso!"

Anakapa ndi zidebe, ena ndi zipewa, koma ayi ndithu. Moto unazima, magudumu anaima, Kakowa nakhala pamchenga ngati thadzi lofungatira mazira. Mwayi wake panali posaya, apo ayi bwenzi tikunena zina. Woyendera anatuluka madzi ali m'chiuno, nsapato m'manja, nasaina pepala lophwasulira tsiku lomwelo.

Patatha sabata, ophwasula anapopa madzi kuti aikokere kumtunda. Sitima inayandama bwinobwino, osalowa ndi dontho lomwe. Matabwa anali atamwa, atakhuta.

A Changu anathamanga: "Taonani, yachira! Itanani bwana woyendera uja!"

Koma pepala losainidwa silimva kulira. Nkhwangwa zinayamba ntchito, kalipentala atangogwira chibwano.

Akulu sananame, anthu inu: kuthamanga si kufika.