Mpanda wa Mfumu Gwedeza

Akuluakulu amati makolo a anthu a kwa Gwedeza anachokera kutsidya kwa Luangwa, ndipo anayenda zaka zambiri asanatule mitolo yawo patsinde pa phiri la Nsanjiko. Amene anawatsogolera anali Gwedeza woyamba, wa mfunda wa Mbewe. Iye atatsamira mkono analowa ufumu ndi mng'ono wake, ndipo pambuyo pake dzina linagwera mwana wa mlongo wawo, Gwedeza wachitatu.

Anthuwa anali ndi mwambo umene sankauphonya ngakhale pa njala. Mwezi ukaoneka, mfumu inkavula nduwira n'kukhala padothi pakati pa bwalo, ndipo aliyense ankanena zakukhosi, ngakhale mkamwini amene masiku ena onse ankangoyang'ana pansi ngati waba nkhuku. Nambewe, mlongo wake wa Gwedeza wachitatu, ankawakonda mabwalo amenewo, chifukwa mlongo wakeyo akadzudzulidwa ankaseka mpaka misozi, kenaka n'kukonza chimene chalakwika.

Chaka china mfumu inangosiya kutuluka. Nduna zinamanga mpanda wautali wa bango kuzungulira nyumba yake, ndipo wobwera ndi dandaulo ankangouzidwa kuti, "Mfumu yamva." Mwezi uliwonse umene bwalo silinachitike, kasupe wapatsinde pa phiri ankaphwerako. Anthu anayamba kulimbirana madimba popanda woweruza, ndipo mabanja anayamba kusamuka limodzilimodzi, akunena kuti ufumu wamulowa m'mutu Gwedeza.

Nambewe anali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, Mwandida, ndipo nayenso anadzati, "Amayi, mfumu yosafuna kutiona tiikhalirenji? Tikakolola mapira ife tikupita."

Mayiyo anathamangira kwa nduna kukapempha kuti aonane ndi mlongo wake, ngakhale kamodzi kokha, kuti bwalo liitanidwe mwana wake asanachoke. Anamuyankha kuti mfumu yamva. Popeza anali munthu woleredwa bwino, anaomba m'manja n'kubwerera kukadikira, ndipo ulemu umenewo ndi umene unamupweteka; pakadafunda padajiwitsa galu. Mapira anakololedwa, Mwandida anabereka khanda lake, ana enawo ali patsogolo, n'kulowera kum'mwera. Nambewe anawasowa koopsa adzukulu akewo, moti ankapezeka atapakula chakudya cha anthu ambiri ali yekha.

Mwezi utaonekanso, sanapemphenso chilolezo kwa munthu. Anakankha bango ndi manja ake n'kulowa, ndipo anapeza mlongo wake atakhala padothi pakati pa mpanda, nduwira ili pambali, maso atayera ndi khungu. Kalelo matenda a mfumu sankatchulidwa, choncho nduna, poteteza ulemu wake, zinamubisa kwa anthu, iyeyo n'kumamuuza kuti mudzi uli pa mtendere.

"Ndani ameneyo?" inafunsa mfumu.

"Ndine, alongo."

"Nambewe? Mwezi uliwonse ndimakhala pano kudikira. Amandiuza kuti anthu alibe chonena, ndiye ine ndimati mwina mwatopa nane."

Nambewe analira, koma sanachedwenso. Anagwira nsonga ya ndodo ya mfumuyo n'kumutsogolera mpaka pabwalo, nduna zikungoyang'anana, ndipo anthu otsala anasonkhana ng'oma isanalire n'komwe. Poti sinkaona, mfumu inayamba kuitana mabanja ndi mayina kuti idziwe amene afika. Ena ankavomera, koma mayina ambiri ankangogwera pansi. Itafika pa mwana wa mlongo wake inakweza mawu mwachimwemwe, pakuti inamulera pamiyendo pake.

"Mwandida!"

Panali zii. Inaitananso kachiwiri.

"Anapita, alongo," anatero Nambewe, "ndi adzukulu athu onse."

Tsiku lomwelo mpanda unagwetsedwa, ndipo m'mawa mwake kasupe anasefukira mpaka m'madimba. Amithenga anatumidwa kum'mwera, koma anabwerako opanda mbiri, ndipo Nambewe anakalamba akuyang'ana njira imeneyo.

Mpaka lero nyumba ya mfumu kwa Gwedeza simangidwira mpanda, ndipo bwalo siliyamba mfumu isanaitane mabanja onse, amene alipo ndi amene anachoka. Dzina la Mwandida limaitanidwa kawiri, ndipo anthu onse amakhala chete kanthawi, kudikira ngati wina mwa zidzukulu zake angavomere.