Mawu Amene a Nkhono Sanatsirize

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu amene mumalemba mapulogalamu a pa kompyuta oti aliyense atenge ndi kukonza mwaulere, panali ulalo pa mtsinje wina waukali. Ulalowo unalibe mwini. Wofuna kuwoloka ankawoloka. Woona poduka ankakonza, anzake n'kuyang'ana ngati wakonza bwino, basi.

Osamala ulalowo anali magulu awiri. Tsidya lino kunali a luzi, opota zingwe. Tsidya lina kunali a nsungwi, odula ndi kuyala, ndipo wamkulu wawo anali Nchenzi. Gulu lililonse linali ndi tsiku lake lokumana, mthunzi wake, ndi dengu lake la zokukuta.

Kwa a luzi kunali Gologolo ndi mnzake wakalekale, Nkhono. Gologolo ankapota. Nkhono ankayenda pa chingwe ndi mimba, kumva pamene palefuka. Koma kulankhula kwake, ana inu! "Ine... ndikuona... ngati..." Anzake ankadikira. Wina ankasenda mtedza, wina ankatokosa m'mano, mpaka mawu afike. Pagulupo anali ochepa, nthawi inalipo.

Wovutika anali Gologolo, poti ndiye ankanyamula mawu pakati pa magulu awiriwo. Lero, "A nsungwi akuti zingwe zafupika." Mawa, "A luzi akuti nsungwi zanenepa." Kupita, kubwera, kupita, kubwera, miyendo mpaka kutupa.

Tsiku lina anati kwa Nkhono, "Achimwene, ulalo ndi umodzi. Bwanji tingophatikiza misonkhanoyi? Tizikhala pamodzi, tizigwirizana pamodzi."

Nkhono anatulutsa nyanga zake pang'onopang'ono. "Ndi... bwino... chemwali... koma..."

Tsiku limenelo Gologolo anali ndi changu. Sanadikire. Anathamanga kukauza Nchenzi.

Tsono kunali Nguluwe. Ameneyu sanapotepo chingwe, sanadulepo nsungwi, koma misonkhano yonse iwiri sankajomba, chifukwa cha madengu aja. Atamva kuti madengu awiri adzakhala pamalo amodzi, malovu anachita kudontha.

Pofuna kusankha wapampando, a luzi anakana wa nsungwi, a nsungwi anakana wa luzi. Nguluwe anatsokomola.

"Abale anga, ine ndilibe mbali. Komanso msonkhano waukulu umafuna wapampando wamkulu. Tandiyang'anani thupili."

Anamuyang'ana. Thupi linalipodi. Anamusankha.

Nguluwe anasamutsira msonkhano pafupi ndi khomo lake, tsidya lino, n'kuika dongosolo. Poyamba malonje. Kenako dengu. Kenako mawu a apampando. Kenako nkhani za nsungwi. Nkhani za luzi kumapeto. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti wina asakhudze ulalo msonkhano usanavomereze.

Malonje ankatha dzuwa lili pamutu. Dengu linkatha msanga, kukutu kukutu, m'kamwa mmodzi. Mawu a apampando sankatha. Dzuwa likapendeka, Nguluwe ankayasamula. "A luzi, pali kanthu? Mwachidule."

Nkhono ankadzikoka kufika pakati. "Apampando... chingwe... cha... pakati..."

"Nthawi yatha! Chingwe chili bwino, ndachiona ndili pano. Achimwene, mawu otsalawo muyambe kuwanena lero, mwina tidzawapeza mwezi wa mawa."

Nyama zinaseka. Gologolo nayenso anamwetulira pang'ono. Pang'ono chabe, koma Nkhono anaona.

Mwezi wa mawa zinali zomwezo. Mwezi winawo, zomwezo.

Nkhono sanakwiye. Anaganiza kuti poti pakamwa pake pachedwa, mimba yake inene. Kukonza kunali koletsedwa, koma kuyenda ayi. Anakwera chingwe yekha, kuti mzere wonyezimira umene amasiya m'mbuyo uwasonyeze anzake polefukapo. Tsiku lomwelo mvula yoyamba inagwa ndi mphepo. Ulalo unagwedezeka, luzi limodzi linati tswa!

M'mawa Gologolo anapeza mzere uja ukunyezimira pa chingwe. Unayenda bwinobwino mpaka pakati, n'kuthera pomwepo. Chigoba cha Nkhono anakachitola kumunsi kwa mtsinje, pamchenga, chopepuka.

Sanalire pagulu. Anakwera mu mtengo wake n'kuyamba kupota chingwe chatsopano. Lamulo linaletsa kukhudza ulalo, silinaletse kupota. Anapota masiku ambiri osalankhula ndi wina. Pa msonkhano wotsatira anapempha kuti chingwe cha pakati chisinthidwe mitsinje isanadzaze. Nguluwe anati maliro ndi nkhani yachisoni, yofunika dengu lapadera, ndipo za chingwe adzaziona nthawi ikadzapezeka.

Pamenepo Gologolo anapita kukanong'onezana ndi Nchenzi.

Tsiku la msonkhano wina, Gologolo anafika pakhomo pa Nguluwe, mchira uli pansi mwaulemu.

"Odi, apampando! A tsidya lina akudandaula kuti timangokumana kuno. Lero akonza kwawo. Masuku dengu tho, chinangwa pambali."

Nguluwe anasuzumira. Tsidya lina dengu linalipodi, masuku akupsa mbwee. Anameza malovu, kenako anayang'ana ulalo.

"Nanga... kachingwe kaja?"

"Munati chili bwino, apampando. Ife ndani kuti titsutse? Tsogolani, ulemu ndi wanu."

Nyama zonse zinali zikuyang'ana. Nguluwe anaponda. Kwee. Anapondanso. Kwee, kwee. Fungo la masuku linamukoka mphuno. Atafika pamene panathera mzere wa Nkhono, chingwe chinati thii! Ulalo unapendekeka, nsungwi zinagwera m'madzi chubwi, chubwi, Nguluwe n'kutsala lende pa chingwe chimodzi, miyendo yakumbuyo ikupalasa mphepo.

"Mayo ine! Konzani! Konzani msanga!"

Gologolo anakhala pa mwala, chingwe chatsopano chili pambali pake, chokulungidwa bwino.

"Apampando, chingwe chilipo, koma sitingakhudze ulalo msonkhano usanavomereze. Mwamwayi tonse tilipo. Tiyambe?"

"Yambani! Nkhani ya luzi!"

"Ya luzi ili kumapeto. Poyamba malonje." Anakweza mawu. "A Nchenzi, mwadzuka bwanji tsidya ilo?"

"Tadzuka bwino, kaya inu mlamu?"

"Ife tadzuka. Nanga ana?"

"Ana ali bwino, koma wamng'ono uja chifuwa."

"Pepani. Nanga mayi a kunyumba?"

"Ndikufa ine kuno!" anakuwa Nguluwe.

"Mawu a apampando sanafike," anatero Nchenzi. "Tsopano ndi dengu."

Dengu linayenda. Atchete ananyamulira a tsidya lino gawo lawo, akuuluka pamwamba pa mutu wa Nguluwe. Kwa nthawi yoyamba chiphatikizireni misonkhano, aliyense analawa. Njere zinkagwera m'madzi, tapu, tapu, zikudutsa pamphuno pa Nguluwe.

"Tsopano mawu a apampando," anatero Gologolo. "Mwachidule."

Nguluwe anali atatopa, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono. "Ine... ndikuti... lamulo... lija..."

Wina kumbuyo anafuula, "Nthawi yatha!" Nyama zinayamba kuseka. Koma Gologolo sanaseke. Anamva kalankhulidwe kaja ka Nkhono.

"Ayi," anatero motsitsa. "Asiyeni amalize."

Onse anadikira. Madzi okha ndiwo ankamveka.

"Lamulo... lija... lathetsedwa. Woona... poduka... akonze. Mpandonso... tengani."

Gologolo anadumpha ndi chingwe chake. A luzi anamanga, a nsungwi anayala, onse pamodzi, ndipo ntchito imene inadikira miyezi inatha masuku asanatsike m'mimba. Nguluwe anawoloka chokwawa, anapeza dengu lili mbee, n'kulowa m'tchire. Mpaka lero amayenda mphuno ili pansi, kufunafuna njere za masuku aja.

Misonkhano sanaipatulenso. Kuphatikizako kunali kwabwino ndithu: zingwe zinasiya kufupika, nsungwi zinasiya kunenepa, miyendo ya Gologolo inapuma. Mpando ankangopatsana, lero wa luzi, ulendo wina wa nsungwi. Chigoba cha Nkhono anachiika pa mwala pakati pawo, ndipo nkhani zonse zikatha ankakhala chete kanthawi, ngati mmene ankadikirira kale.

Ena ankagwiritsa ntchito kanthawiko kutokosa m'mano. Gologolo ankayang'ana chigobacho. Za chingwe cha pakati anazidziwa, mzere unamuuza. Chimene sanachidziwe, ndipo sadzachidziwa, ndi mawu amene ankabwera pambuyo pa "koma" uja, tsiku limene anali ndi changu.

Tsono inu a makompyuta, ndamva kuti nanunso mukufuna kuphatikiza misonkhano yanu. Phatikizani, si zoipa. Mungoyang'ana amene wayamba kufunsa za dengu. Ndipo wochedwa kulankhula akati "koma", khalani kaye pansi.

Nthano yanga yawolokera tsidya. Mbatata ili paphulusayo phulani, yatidikira mokwanira.