Magalasi ogona m'kabati

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni. Tsiku lililonse patebulo panga pamafika zosweka: ina yagwa pokwera basi, ina aikhalira, ina yauluka pa mkangano wa m'banja. Munthu ukaona zosweka kwa zaka khumi, umayamba kukhulupirira kuti anthu onse ndi osasamala, wanzeru watsala iwe wekha. Ine ndinali nditafika pamenepo.

Mwana wathu woyamba, mtsikana, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, aphunzitsi ake anatiuza kuti amafinya maso akamayang'ana pa bolodi. Ine ndi mayi ake tinapita naye kwa dokotala wa maso, mayi wina wolankhula mosathamanga.

"Mwanayu saona bwino patali," anatero dokotalayo atamuyeza. "Diso lake likutalika kupitirira muyeso, ndipo pa msinkhu uwu vutoli limakula chaka ndi chaka. Magalasi ndikumulemberawa si wamba. Sachiritsa, koma amachedwetsa. Aziwavala kuyambira podzuka mpaka pogona, azisewera panja tsiku lililonse, ndipo mubwere naye pakatha miyezi isanu ndi umodzi."

Ndinagwedeza mutu ngati wakumva, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Maso anga anali pa timiyendo ta magalasiwo, toonda ngati ta udzudzu. Mwanayo ndinkamudziwa: wodumpha chingwe, wothamangira mpira, wosakhazikika ngati wakhalira nyerere. Titangofika kunyumba ndinaika lamulo. Magalasi ndi a m'kalasi basi. Belu lopumira likalira alowe m'kabokosi kake, mwana akaweruka magalasiwo agone m'kabati, pamwamba, pafupi ndi mbale za alendo.

"Bambo ake, adokotala aja anati tsiku lonse," anandikumbutsa mayi ake.

"Adokotala amadziwa maso, ine ndimadziwa magalasi," ndinayankha. Yankho limeneli linandikomera kwambiri moti ndinakalibwereza kuntchito.

Madzulo aliwonse ndinkawatsitsa, kuwapukuta ndi kansalu kofewa, kumangitsa tizitsulo take, n'kuwabwezera. Miyezi isanu ndi umodzi itakwana ndinawayang'ana pa kuwala, ndinaona kuti alibe chilema, ndiye ndinati kuchipatala tikatani.

Mwana uja anasiya kusewera panja. Mpira unkamupeza asanauone, ndipo anzake anayamba kumusankha pomaliza. Ankangokhala m'chipinda, buku lili pamphuno. Ine n'kumauza alendo kuti ndabala mwana wokonda sukulu, watengera bambo ake.

Chaka chitatha, tsiku lina ndinapita kukamutenga kusukulu. Anatuluka pageti magalasi ali kumaso, ataiwala kuvula. Ndinaima tsidya lina la msewu n'kumukwezera dzanja. Anayang'ana mbali yanga ndithu, maso ali ofinya, kenaka anakhala pansi n'kumadikira. Nditawoloka n'kumuyandikira anadzidzimuka, ndipo choyamba chimene anachita n'kuvula magalasi msangamsanga.

"Pepani ababa, ndinaiwala. Sanakalike, onani."

"Sunandione ndikukweza dzanja?"

"Ndinaona munthu. Sindinadziwe kuti ndi inu."

M'mawa mwake tinali kwa dokotala. Ngakhale pamenepo kunyada kunali kusanandithere. Ndinatsegula kabokosi ngati ndikupereka mphatso, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Dokotala anawatembenuza uku ndi uku.

"Awa akuvala ndani?"

Mayi ake a mwana anayang'ana kudenga, osanditchula, osanditeteza. Ndinafotokoza ndekha dongosolo langa lonse, la belu ndi la kabati, ndipo mawu amene ankamveka anzeru kuntchito anatuluka opanda mchere.

Atamuyeza mwana, dokotala anandionetsa mapepala awiri, la chaka chatha ndi la tsikulo. Vuto linali litakula kwambiri.

"Sindinganene kuti akanavala bwenzi zitaimiratu," anatero. "Koma mwina sizikanathamanga chonchi. Ndipo diso likatalika silibwerera. Chatsala n'kuteteza pamene tafikapa. Ine magalasi a mwana akabwera okalikakalika ndimasangalala, bambo, chifukwa ndimadziwa kuti agwira ntchito."

"Nanga awa?" ndinafunsa.

"Amuchepera mphamvu. Mukhoza kupitiriza kuwasunga."

Sanaseke. Akanaseka mwina zikanandipepukira.

Atsopano anabwera okhuthala kuposa oyamba aja. Pomuveka ndinamuuza kuti asawavule, kaya ndi pa mpira kaya ndi pa chingwe. Anayang'ana kaye mayi ake kuti amve ngati ndi zoona. Sabata ziwiri zisanathe anabwera akulira, mwendo umodzi wa magalasi uli m'manja, bondo lili ndi magazi. Ndinayamba ndatsuka bondolo, kenaka ndinakhala pansi n'kulumikiza mwendowo. Pa zosweka zonse zimene ndakonza, palibe chimene ndinakonza ndi mtima woyera ngati chimenecho.

Panopa timapita kwa dokotala pa nthawi yake, ndipo akuti zikuyenda pang'onopang'ono. Koma chaka chija chinapita ndi gawo la maso a mwana wanga, ndipo amene anachitsegulira chitseko ndi ine, katswiri wosamala zinthu. Akulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavale. Ine ndinasunga mkanda, khosi n'kulitaya.