Monga Munaipezera

Mwamuna wake atamwalira, Filesi anauzidwa kuti atuluke m'komboni ya pafamu, ndipo anakapeza nyumba ya lendi kwa a Bizwell ku Banket. Kuitcha nyumba kunali kuipatsa ulemu chabe. Anali makoma anayi opanda chitseko, denga lake timalata todooka totsindira ndi miyala. Koma dipoziti a Bizwell anailandira ndi manja awiri, nalonjeza kudzabweza tsiku lotuluka.

Filesi ankasankha fodya m'mashedi a ku Trelawney. Kangachepe kamene ankapeza ankadzimana, mpaka anagula malata atsopano, chitseko ndi mawindo agalasi. A Bizwell ankadutsa akumwetulira, osachotserapo kanthu pa lendi.

Patapita zaka, mwana wake Shylet anamupezera chipinda ku Ruwa, pafupi ndi chipatala, popeza fumbi la fodya linali litamudya chifuwa. Eni chipindacho ankafuna dipoziti sabata isanathe, apo ayi apatsa wina. Filesi anapita kwa a Bizwell kukatenga ndalama yake.

"Dipoziti yake iti, Mai Shylet?" anatero mkuluyo, akuloza mwaye kukhoma. "Roja, munthu wa lendi, amasiya nyumba monga anaipezera. Inu mwaiwononga, saka mari palibe, ndalama simuiona."

Linali bodza lamkunkhuniza. Ndalamayo anali ataidya kalekale, ngati kuti inali mphatso. Dipoziti ndi ndalama ya wobwereka nyumba, mwininyumba amangosunga. Munthu wobera mayi wamasiye wodwala, Lamulungu n'kukatsogolera nyimbo kutchalitchi, amanyansa kumuona. A Lazaro, mkulu wa mpingo, amene anali pomwepo, anayesa kuwalangiza anthu akumva, koma a Bizwell anaumitsa khosi.

"Mwati monga ndinaipezera, bambo?" Filesi anafunsa a Bizwell.

"Ndatero. Kodi makutu nawonso akudwala?"

M'mawa mwake a Bizwell anakwera kombi ya ku Chinhoyi kukagula feteleza. Filesi anaitana alamu ake awiri. Anazula malata onse amene iye anagula, chitseko ndi mawindo, nabwezeretsa timalata takale tija, timene tinali kuseri kwa khola la nkhuku, ndi miyala yake yomwe. Mwaye anaupala, pansi anasesa. Katunduyo anagulitsa kwa munthu amene ankamanga golosale, ndipo dzuwa lisanapendeke anali pa ulendo wa ku Ruwa, dipoziti ya kumeneko ili kunsonga ya chitenje.

A Bizwell pobwera anapeza lole ya katundu ili pakhomo pa nyumba ija. Anali a Clemence, mphunzitsi amene anali atalipira kale lendi ndi dipoziti ataona nyumba yokongola. Mvula inali itayamba kudontha pa matiresi awo.

"Sekuru, ine sindinalipirire khola," anatero mphunzitsiyo kwa mkuluyo. "Ndipatseni mari yanga pompano, kapena tionana kukhoti."

Ndalamayo inali itasanduka matumba a feteleza. A Bizwell anathamangira kwa a Lazaro kuti akawachitire umboni kupolisi kuti Filesi waba.

"Aiwa," anayankha a Lazaro. "Umboni ndikapereka, koma wa mawu anu. Munati aisiye monga anaipezera, ndipo sanaphonye ngakhale mwala umodzi."

Sabata imeneyo a Bizwell anagulitsa ng'ombe yawo yolimira pa mtengo wolira, kuti abweze za mphunzitsi. Nyumba ija ili chiasamire mpaka lero, ndipo palibe roja wa ku Banket amene amayandikirako. Choipa chitsata mwini.