Dzanja la Ndaziona

Kalekale, koma si kale loti n'kuiwala nkhope za anthu, kunali sukulu ya sekondale yoyendera pamalo otchedwa Kathyoka. Sukuluyo inali ya anthu eni ake. Njerwa anaumba okha, mchenga anatuta okha pamutu, ndipo denga litasasuka ndi mphepo anakwera okha kukakhoma. Chimene chinkawawawa n'chakuti ana awo akamaliza Folomu 4 ankangothera pakhonde la sitolo, kusewera bawo tsiku lonse, satifiketi ikudyedwa ndi mphemvu m'chikwama. Ndiye makolo anapangana mwambo. Zotsatira za mayeso zikatuluka, anthu onse ankasonkhana pabwalo la sukulu, ahedi n'kumaitana ana mmodzimmodzi. Mwana akaima pakati, aliyense wokhala ndi poti n'kumuyambitsira moyo ankadzuka n'kutambasula dzanja, kaya ndi kalipentala, kaya telala, kaya mwini chigayo. Mwana akagwira dzanjalo, basi, ndi wa munthuyo mpaka adzaime payekha. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Malamulo anali awiri okha, koma olimba gwa. Dzanja logwira n'limodzi, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo dzina siliitanidwa kawiri: ukachoka pabwalo osagwira dzanja, wadzimana wekha.

Tsono chaka china pakati pa omaliza panali mtsikana dzina lake Ndaziona. Ameneyu ali Folomu 2 mayi ake anamwalira, ndipo malume ake, anthu osowa manyazi, anamupereka kwa mwamuna wina wogula fodya, ati pakhomo pachepe anthu odyetsa. Posakhalitsa mtsikana anali ndi mwana wamwamuna kumsana, dzina lake Mtisunge. Kuti munthu wotere adzafike pomaliza sukulu, panagwira ntchito anthu atatu. Tamverani bwino, chifukwa mlandu wagona pamenepa.

Woyamba anali Anachisale, mtsogoleri wa gulu la amayi olondola atsikana osiya sukulu. Mwamuna wa Ndaziona uja anali mwana wa mlongo wawo, mlongo wa bere limodzi. Komabe anapita kunyumba kwa mwamunayo. Anakhala pakhonde, mpando anakana, madzi anakana.

"Sindichoka pano popanda mtsikanayu," anatero. "Mukafuna, ndimenyeni."

Dzuwa likalowa ankabwerera kwawo, m'mawa n'kulawiranso pakhonde lomwelo, mpaka mwamunayo anatopa. Analolera, koma anasiya mawu pamaso pa ankhoswe, malume n'kuvomereza: "Mwana wanga akhale pamene pali mayi ake. Tsiku limene adzamusiye m'manja mwa munthu wina n'kupita kutali, ndidzabwera kudzamutenga." Anachisale anapambana, koma abale awo anawasala. Mlongo wawo uja atamwalira, anawakaniza kulowa m'nyumba ya siwa kukaona nkhope. Mayi wamkulu analirira kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba.

Wachiwiri anali a Kanyumbu, aphunzitsi a masamu. Ndaziona anabwerera m'kalasi atatsalira kutali, anzake n'kumamuseka, "Make Mtisunge, mkaka ukudontha pa yunifomu!" A Kanyumbu ankatsala naye ena akaweruka, chitseko chili chitsegukire kuti aliyense aone. Koma pakamwa pa anthu, abale, ndani anatsekapo? Mbiri inamveka mpaka kumsika kuti aphunzitsi apeza mkazi wachiwiri. Akazi awo anamanga katundu n'kupita kwawo, anakhalako dzinja lonse. Bambo ankadziphikira okha, ankabwera kusukulu malaya ali makwinyamakwinya, koma kuphunzitsa mtsikana uja sanasiye. Mayeso atatuluka, Ndaziona anali atakhoza kuposa anyamata onse.

Wachitatu anali Anangozo, ogulitsa mandasi ndi tiyi m'chisakasa cha pachipata cha sukulu. Ana awo onse anali atawaika m'manda. Iwowa sanapangane ndi munthu. Tsiku loyamba anangoona mtsikana ataima pachipata ndi khanda, akusowa kolisiya, ndipo anati, "Bweretsa kuno iwe, belu lalira." Kuyambira pamenepo Mtisunge anakulira kumsana kwawo, mu utsi wa nkhuni ndi mafuta, Ndaziona n'kumathamanga pa buleki kukayamwitsa kuseri kwa mpanda. Sabata ya mayeso mwana anadwala malungo mpaka kukomoka. Anangozo anasiya chiwaya pamoto n'kuthamanga naye kuchipatala wapansi, ndipo ali komweko anatumiza uthenga wabodza kwa Ndaziona woti apita ndi mwana kukacheza kwa mng'ono wawo, kuti mtsikana alembe mtima uli m'malo. Pobwera anapeza theka la chisakasa litapsa. Sanadandaule kwa munthu, anangofolera udzu wina.

Tsiku la mwambo linafika. Ndaziona anachapa diresi yake yabwino ija, anadzola mafuta, anapita akumwetulira. Anyamata awiri anatengedwa ndi kalipentala, mtsikana wina ndi telala, nthungululu zili pakamwa. Kenaka ahedi anaitana, "Ndaziona!"

Anaima pakati. Anadzuka a Kanyumbu. Asanatambasule n'komwe dzanja, anadzuka Anachisale. Uko kumapeto, pamene amakhala amayi a malonda, anadzukanso Anangozo, Mtisunge atagwira nsonga ya chitenje chawo. Nthungululu zinangoti zii. Chiyambire mwambowu, anthu atatu anali asanadzukirepo mwana mmodzi.

A Kanyumbu ndiwo anayamba. "Ndaziona, ndakupezera malo kusukulu ya ntchito zamanja ku Lilongwe, ukaphunzire zamagetsi. Malowo ndi amodzi, ndachita kugwadira mnzanga amene ndinaphunzira naye, ndipo chaka chamawa kulibe. Chimodzi chokha sindikubisira: kogona ophunzira salola ana. Koma mutu ngati wakowu usawolere kuno."

Anachisale anakonza mpango wawo. "Mwanawe, makolo amanga nyumba yogona atsikana ochokera kutali, koma akuti satumiza ana awo popanda wamkulu wokhala nawo usana ndi usiku. Ine atsikanawo sandimvera, amati ndine wachikale. Iwe akumvera, chifukwa moto umenewu unauponda. Malipiro ndi chimanga chimene makolo asonkhe, sindikunamiza, koma mwana ukhala naye." Kenaka anatsitsa mawu. "Ukapita, nyumbayo ikhala ya mileme. Ndipo kwathu akanena kuti ndinapasula banja la mwana wa mlongo wanga kuti mtsikana akayendeyende m'tauni."

Anangozo sanazolowere kuyankhula pagulu. Anayang'ana kumene kunali Ndaziona, koma maso awo anamuphonya pang'ono. "Ine zokamba zambiri ndilibe. Maso angawa utsi wawatha, ndikungoona ngati m'nkhungu. Chisakasa chija, ziwaya, makasitomala, zonse n'zako. Ndilibe wina, mwana wanga. Ndikadzasiya kuona, adzandipatse madzi ndani?"

Pabwalo panabuka phokoso. Aphunzitsi ankati nanga sukulu tinamangira chiyani ngati mwana wokhoza chonchi akathere pa mandasi. Amayi a m'gulu ankati tinamutulutsa ndife, popanda ife bwenzi pano akusankha fodya m'chigafa. Amayi a malonda ankawomba m'manja mokwiya, ati masamu angalowe bwanji m'mutu mwa munthu amene khanda likumulirira kumsana.

Ndikuona wina akufuna kunena kuti, "Aa, n'zophweka izi, asiye mwana kwa Anangozo kapena kwa Anachisale, iye apite ku Lilongwe." Dikirani, achimwene, musathamange. Kumapeto kwa bwalo, pansi pa mtengo wa kesha, panali munthu atakhala pa njinga yamoto, mikono atapinda pachifuwa. Anali bambo ake a Mtisunge. Sanabwere kudzaombera munthu m'manja. Kunyumba kwake kunali kale mkazi wina, mkazi amene Ndaziona ankamudziwa bwino ukali wake. Mawu aja anawasiya pamaso pa ankhoswe, ndipo Anangozo si mbale, Anachisale ndi wosalidwa. Pabwalo la milandu onsewa alibe pakamwa.

Ndaziona anamuona mwamunayo, ndipo anachita mantha. Koma tinene zoona, ku Lilongwe ankakufuna. Ankakufuna ngati madzi pa ludzu. Usiku wonse umene ankawerenga ndi koloboyi, mwana ali pamwendo, ankalota tsiku lodzakhala munthu wodzidalira, woti malume asadzamugulitsenso. Ndipo anachita manyazi kuti akukufuna, chifukwa kupita kunali kupereka Mtisunge. Akayang'ana Anachisale, ankaona mayi amene anataya abale chifukwa cha iye, ndi atsikana ena amene mawa adzaperekedwe kwa ogula fodya. Akayang'ana Anangozo, ankaona msana umene unamulelera mwana. Akayang'ana a Kanyumbu, ankaona munthu amene anatukwanidwa pamsika osalakwa kanthu. Aliyense mwa atatuwa anali atamulipirira ndi chinthu chosabwezeka, ndipo awiri ankayenera kukhala pansi manja ali lende, mudzi wonse ukuona.

Anatembenukira kwa ahedi, misozi ili chuchuchu. "Ahedi, chonde, ndipatseni mpaka mawa."

Ahedi anayang'ana pansi. "Mwana wanga, lamuloli si langa, ndi la makolo. Ndikakuphwanyira iwe, mwambo watha. Anzako akudikira."

Pamenepo Mtisunge anasiya chitenje cha Anangozo, nathamangira pakati, nakumbatira mwendo wa mayi ake. "Amama, mukulira chiyani? Akumenyani ndani?"

Palibe anaseka. Manja atatu aja anali chitambasukire, la a Kanyumbu loyera ndi choko, la Anachisale lokhakhala ndi khasu, la Anangozo lodzaza zipsera za mafuta. Ndaziona anapukuta dzanja lake pa diresi, nalikweza.

Nkhaniyi ndaiimitsa pomwepa, ndipo musandikakamize, ine sindigamula. Mlanduwu ndautula kwa inu, amene munaumbako njerwa za sukulu, amene munalelako mwana wa mnzanu, amene munasiyako mwana kuti mukafune moyo kutali. Wina anamutulutsa m'banja, wina anamutsegula mutu, wina anamuberekera mwana. Kumbukirani kuti dzanja ndi limodzi, ndipo bambo uja akadali pa njinga yake. Tandiuzani tsono: Ndaziona agwire dzanja la ndani?