Khoswe Wophunzira ndi Mwambo wa Kusorona

Chaka cha njala chija, ine Khoswe ndinali ndi mtedza wokwanira kundifikitsa m'masika, nditaubisa kuuna. Koma umbombo ndi matenda. Ndinkafuna kudya za ena, zangazo zikhale.

Nzeru ndinaitola ku mishoni, m'buku lakale la azungu a ku Sikotilandi limene ndinkang'amba kuti ndiziyala. Munali mawu akuti sorn, kutanthauza kukakamira pakhomo pa eni, kudya ndi kugona osaitanidwa. Kumunsi kwa tsambalo analembako chilango chake, koma kumeneko ndinali nditatafuna kale.

Ndinayambira kwa Nyani.

"Atsibweni, ndabwera kudzasorona."

"Kudzatani?"

"Mwambo wa kutsidya kwa nyanja. Wophunzira amasankha khomo lolemekezeka n'kukhalapo. Womuthamangitsa ndi mbuli."

Nyani amaopa kutchedwa mbuli kuposa mmene amaopera kambuku. "Timaudziwa umenewo," anatero, n'kuuza mkazi wake kuti aphike. Ndinasorona masabata awiri, mpaka mayiwo anayamba kuponya mbale.

Kwa Njati ndinangoti, "Kwa Anyani anandisunga masabata awiri. Kaya kuno mungathe?" Anandisunga atatu akukukuta mano.

Kwa Nguluwe ndiko ndinadzipalira makala pamutu. Anali mayi wamasiye, ana asanu ndi anayi, m'nkhokwe muli mbee! Anandipatsa chinangwa chomaliza, ine n'kudya wopanda manyazi. Nditakhuta, pakamwa panayabwa, ndinayamba kuphunzitsa.

"Ndiye wosorona sathamangitsidwa, achimwene?" anafunsa Nguluwe.

"Ngakhale pang'ono, achemwali."

"Nanga khomo lolemekezeka kwambiri ndi la ndani?"

"La wophunzira kwambiri," ndinatero, nditatukumula chifuwa.

M'mawa mwake nditapita kukazonda mtedza wanga, ndinawapeza onse khumi atakhala pakhomo pa una.

"Tabwera kudzasorona, aphunzitsi."

"Mlendo ndi mame, achemwali," ndinayesa.

"Amenewo ndi mawu a ife mbuli. Inu dzulo munati chiyani?"

Nyani ndi Njati anali pachulu, makutu ali tcheru, kudikira amve ngati wophunzira angathamangitse alendo. Ndikanatero akanandiphwanya mafupa. Ndinangoti, "Takulandirani."

Mphuno ya nguluwe siifunsa njira. Dzuwa lisanapendeke, mtedza wonse unali makoko. Ndinalira ndithu, misozi yeniyeni, ine mphunzitsi wa mawu amodzi.

Nguluwe anapukuta pakamwa, n'kugona chagada pamthunzi wanga.

"Achimwene, kadzutsa mumadya nthawi yanji kuno?"