Satifiketi ya Kochi Febian

Mgodi wa mtovu utatsekedwa ku Kabwe, katundu wake anamwazika ngati wa munthu womwalira wopanda abale. A Weston Mweemba, ogula zitsulo zakutha ku Kasanda, anatola mapaipi, malata ndi magalimoto ofa. Pamulu womwewo anapezanso timu ya hoki, masewera aja omenya kampira kolimba ndi ndodo zopindika kunsonga. Anaikondwerera, pakuti munthu wolemera mwadzidzidzi amafuna pena pake poti anthu azimuombera m'manja.

Timuyo inali ndi kochi wake, a Zacheus Tembo a ku Petauke, amene anakalambira pokonza mapampu mumgodi. Ankabwera kubwalo pa njinga atavala ovolosi yong'ambika pabondo, ndipo chiphunzitso chawo chinali chimodzi: lowani m'kabwalo ka kutsogolo kwa golo, menyani kampira pansi, kolowera pakona. Chaka chimenecho osewerawo anamwetsa zigoli 34 m'masewera 14. Ambiri anali atachotsedwa ntchito, ndipo timuyo ndiyo inkadyetsa mabanja awo.

Koma a Weston ankachita manyazi kukhala pafupi ndi kochi wonunkha girizi. Anakatenga a Febian Chisanga ku Lusaka, bambo wa zovala zoyera mbee, mawezulo awiri m'khosi, ndi satifiketi ya ku Canada ya chidindo chagolide, imene anaipachika pamwamba penipeni pakhoma la ofesi.

"Ba Zacheus, manje zinthu zachinja," anatero a Weston. "Timu ifunika munthu wa mapepala."

"Pepala siligwira ndodo, bwana, koma timu ni yanu," anayankha mkuluyo. Anakwera njinga yawo kupita ku Makululu, kumene ogulitsa malasha ndi amaganyu anali ndi katimu kawo kosawerengeredwa.

A Febian anayamba ntchito ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno. Analamula kuti osewera azimenya kampira ali kutali, pakati pa bwalo. Kampira kankalowadi, koma woimbira ankakana chigolicho, chifukwa lamulo limafuna kuti umenye uli m'kabwalo kaja. Anawaphunzitsa kugunda mdani ndi phewa, ndipo Loweruka lililonse awiri kapena atatu ankatulutsidwa. Anawauzanso kuti azizungulira ndi kampira kuseri kwa golo kuti adzidzimutse goloboyi, ndipo amene ankadzidzimuka anali amayi ogulitsa chinangwa kumeneko. Osewera ankadziwa kuti zonsezi n'zamisala, koma m'tauni mopanda ntchito ndani angatsutse munthu wa mawezulo awiri?

Mayi Exildah Musonda, mlembi wa timu chiyambire nthawi ya mgodi, anapita kwa a Weston n'kuwayalira nkhani poyera. Osewera anali omwewo, ndodo zomwezo, bwalo lafumbi lomwelo. Chosintha chinali kochi yekha, koma zigoli zinatsika kuchoka pa 34 kufika pa zitatu, ndipo chimodzi mwa zitatuzo adani anadzimwetsa okha. A Weston anawauza kuti nzeru za kunja zimachedwa kumera, ndipo kuti mlembi ntchito yake ndi kulemba.

Chaka chitatha, timu yawo inali kumchira. Kuti ikhalebe mu ligi yaikulu inayenera kugonjetsa katimu kopambana mu ligi yaing'ono, ndipo katimuko kanali ka ku Makululu. Ogulitsa malasha aja analowa m'kabwalo kasanu, namenya pansi, kolowera pakona, kasanu konse. A Febian anaimba mawezulo onse awiri mpaka woimbira weniweni anawathamangitsa pabwalo.

Lolemba m'mawa kochi sanaoneke. Mayi Exildah anakwera pampando, natsitsa satifiketi ija, naiwerenga mpaka kumalemba ang'onoang'ono amene munthu sakanawaona ali pansi. Anali maphunziro a pakalata, a milungu isanu ndi umodzi, a hoki yoseweredwa pa madzi oundana, osewera atavala nsapato zotsetsereka. Ku Kabwe madzi oundana ankapezeka m'timapepala ta pulasitiki, togulitsidwa kwa ana pa geti la sukulu.

A Weston anayendetsa galimoto yawo m'tinjira ta ku Makululu mpaka anapeza a Zacheus akupopa njinga. Anawapempha kuti abwerere, nawalonjeza zovala zoyera ndi ofesi.

"Nilibe mapepala, bwana," anatero mkuluyo osasiya kupopa. "Komanso timu yanga ili mu ligi yaikulu. Ningatsikire chani?"

Pasanathe mwezi, osewera asanu ndi awiri anawatsatira ku Makululu, ndipo a Weston anatsala ndi zitsulo zawo, zimene anali kuzidziwa bwino, chifukwa chitsulo ankayamba achikanda asanachigule. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.